Atsala Awiri

Mpaka lero ndikamva munthu akukuwa pa siteji kuti "Atsala awiri!" mtima wanga umawira. Ana anga amandiseka, amati amayi mumakangana ndi oitanira minibasi ngati munalandana nawo munda. Ndimawasiya aseke. Iwo sanaone zimene ndinaona ine pa Zalewa, chaka chija titangoponya voti ya matipate.

Nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pa khonde la golosale ina, pafupi ndi mphambano pamene msewu wa ku Mwanza umasiyana ndi wa ku Lilongwe. Zalewa inkakula ife tikuona ndi maso. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, mathiraki anayambanso kudutsa usana ndi usiku, ndipo pamalo pamene pankadya mbuzi pankadzuka tiyirumu, mawa lake resitihausi, kenako kanyumba koonetsera vidiyo. Okazinga tchipisi anandanda ziwaya zawo m'mbali mwa msewu, a makala nawo anaunjika matumba mpaka kufupi ndi mlatho wa Shire. Anthu ambiri obwera kudzakhala pamenepo tinali a kumapiri, a ku Neno ndi ku Dambe, otsika kudzasaka ndalama pa tala.

Pa tala pomwepo maminibasi anali mbwee. Wopita ku Blantyre ankangotukula dzanja, atatu n'kuima kumulimbirana. Koma ukanena kuti ukupita kwathu ku Dambe, oitanira ankakuyang'ana ngati watchula dziko lakunja. Basi yaikulu imene inkakwera kumapiri ife tili ana inali itasiya, ati msewu ukuithyola masipuling'i. Pa kampeni andale anabwera ndi magalimoto awo aatali matayala, amene phiri saliopa, natilonjeza kuti msewu wa ku Neno ulowa tala ndipo basi ibwerera. Anamangitsadi kanyumba kodikiriramo basiyo, nakapaka penti yowala. Mbuzi za pa Zalewa zinayamikira kwambiri, chifukwa ndi zokhazo zimene zinagonamo.

Andale omwewo anagawa nsalu zokhala ndi nkhope zawo, ndipo zambiri mwa izo ndinkasoka mpendero ndine. Mayi anga kumudzi analandira imodzi pa msonkhano, koma sanaivalepo. Ndili kwathu ulendo wina anaitulutsa pansi pa sutukesi, naitambasula, nayang'ana nkhope yonenepa ya bambo amene analonjeza basiyo.

"Ine ndivale mwamuna wa eni ake kumbuyo kwangaku? Ndikhalire nkhope ya munthu m'tchalitchi? Iyayi mwanawe. Ukandipezere chitenje cha maluwa, chobiriwira, ngati chija ndinali nacho iwe uli wakhanda."

Ndinachipeza. Wamalonda wina wochokera ku Tete anabwera nacho, chobiriwira, cha maluwa achikasu, nsalu yolimba yosasuluka. Ndinachisoka mpendero mosamala kuposa zovala za makasitomala, n'kuchipinda, n'kuchiika mu pepala la pulasitiki. Chinakhala pansi pa makina anga nyengo yonse yachisanu kudikira kuti ndipeze mpata, chifukwa kupita kwathu sikunali kungodzuka n'kunyamuka. Galimoto yodalirika inali imodzi yokha, pikiapu yoyera ya matola imene inkaima pansi pa mtengo kuseri kwa kanyumba ka mbuzi kaja. Ine ndinali ndisanaikwerepo kuchokera pa Zalewa. Maulendo anga onse ndinkapempha malole a mbatatesi akamabwerera kumapiri opanda katundu, ndipo amenewo analibe tsiku lodziwika.

Uthenga unandipeza m'mawa wina wa mwezi wotentha, ndikungotulutsa makina pa khonde. Amene anaubweretsa ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu wogulitsa mbatatesi, amene anatsika pa lole yopita ku Blantyre n'kuwauza adalaivala kuti amudikire pang'ono. Anavula chipewa asanandifike, ndipo ndinadziwiratu.

"Achemwali, mayi atisiya dzulo masana. Anangodandaula mutu ali kumunda, basi. Achimwene anu ati muthamange. Ndi kutenthaku sangagonenso kawiri, aikidwa lero dzuwa likapendeka. Koma ati bokosi satseka mpaka inu muone nkhope."

Ndine mwana wamkazi yekhayo wa mayi anga. Sindinalire pamenepo, ndinalibe nthawi yolira. Ndinabweza makina mu golosale, ndinatenga chitenje chija n'kuchiika m'chikwama, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: ndikawaone nkhope, ndikawafunditse chitenje chawo ndi manja anga.

Pa siteji ndinapeza magalimoto awiri. Ina inali lole yakale yodzaza matumba a simenti ndi malata, yopita ku chipatala chaching'ono cha ku Dambe kumene ankawonjezera nyumba. Adalaivala ake, bambo wachikulire wa imvi, anali akumanga zingwe. Nditawafotokozera anagwedeza mutu mwachisoni.

"Kwerani pamwamba pa simentipo, mayi. Koma ndikuuzeni zoona, galimotoyi ndi yolemedwa, pa chitunda imakwawa. Tifika, koma mwapang'onopang'ono."

Phazi langa linali kale pa tayala pamene kondakitala wa pikiapu ija anandigwira chikwama. Anali mwamuna wa maso ofiira, wa mawu okhakhala chifukwa chokuwa.

"Asisi, mukufuna kufika mawa? Chimenecho chikagona pa Lisungwi. Taonani yathuyi, yadzaza kale, atsala awiri tinyamuke. Ife timadutsa lole imeneyi isanafike n'komwe pa fumbi."

Ndinayang'ana. Pikiapu inalidi yodzaza. Anthu anali atakhala m'mbali monse, ena pakati pa katundu, injini ikulira, munthu ali pa chiwongolero. Panali bambo wina wa jekete lotuwa atakumbatira katoni yomanga ndi chingwe, mayi wina wa dengu pamiyendo, anyamata angapo, ndi mtsikana wobereka mwana wodwala. Munthu aliyense wa maso awiri akanasankha monga ndinasankhira ine. Ndinapepesa kwa adalaivala a lole, ndipo iwo anangoti, "Chabwino mayi, Mulungu akutsogolereni." Kondakitala anandilipiritsa ndisanakhale n'komwe pansi. Lole ija inatsokomola utsi, inakhotera ku msewu wa ku Mwanza, n'kupita.

Ndinakhala pafupi ndi bambo wa jekete uja. Ataona maso anga anandifunsa mwaulemu chimene chagwa, ndipo ndinamuuza zonse, za mayi, za bokosi losatseka, ngakhale za chitenje.

"Pepani kwambiri, mayi. Imfa ya kholo ndi yowawa, ine anga anatsogola kale onse. Ku Dambe ndimakudziwa, anthu ake ndi aulemu. Musadandaule, tinyamuka pompano."

Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi. Ndinamuthokoza, ndipo mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinamuthokoza munthu ameneyo ndimamva kutentha kumaso.

Galimoto inasuntha pang'ono kupita kutsogolo, ife n'kugwiritsa zitsulo. Inafika m'mphepete mwa tala, inaima, inaliza hutala, n'kubwerera chambuyo mpaka pansi pa mtengo pomwe paja. Kondakitala anathamangira minibasi imene inkatsitsa anthu ochokera ku Blantyre, akukuwa kuti "Neno, Neno, Dambe! Atsala awiri!" Anabwera ndi agogo ena aamuna onyamula tayala la njinga. Ndinawerenga mumtima kuti tsopano watsala mmodzi. Koma agogowo atangokwera, mnyamata wina amene anakhala pakona anatsika ngati akupita kukataya madzi, ndipo sanabwerenso. Kunabwera mayi wina ndi thumba la shuga, mnyamata wachiwiri n'kutsika, ati akukagula ndudu. Kondakitala anapitiriza nyimbo yake yomweyo ya atsala awiri.

Dzuwa linakwera. Amene amaidziwa Zalewa mwezi umenewo akudziwa kuti chitsulo cha galimoto chimawotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Injini inazimitsidwa. Munthu amene anali pa chiwongolero anatsika n'kukakhala pa bawo, ndipo ndi pamene ndinamva kuti sanali dalaivala n'komwe, ntchito yake inali yongoliza injini ndi hutala. Dalaivala weniweni anali asanadzuke ku resitihausi.

Mtsikana wa mwana wodwala uja ndi amene ananditsegula maso. Anandikoka chitenje n'kundinong'oneza.

"Kodi mayi, simukudziwa eti? Enawa sapita kulikonse. Amawakhazika dala kuti galimoto izioneka yodzaza. Akabwera wapaulendo weniweni, mmodzi amatsika. Ine ndabwera kusanache, enieni tinalipo atatu basi."

Sindinakhulupirire msanga. Ndinayang'ana mayi wa dengu uja, iye n'kuyang'ana kumbali. Ndinatambasula dzanja n'kukankha katoni ya bambo wa jekete ndi chala chimodzi. Inapendekeka yopepuka, munalibe kanthu. Katoni yomangidwa bwino ndi chingwe, mfundo ziwiri pamwamba, koma yopanda ngakhale chisa cha mbewa.

Sindikudziwa ngati ntchito imeneyi ili ndi dzina. Ndikudziwa kuti pali anthu amene amadzuka m'mawa, kusamba, kuvala jekete, kunyamula katoni yopanda kanthu, n'kupita kukakhala m'galimoto kunamiza anzawo amene ali pa mavuto. Ndinaimirira m'galimoto momwemo n'kuyamba kukalipa, mawu amene mayi anga akanawamva akananditsina khutu.

"Bambo inu! Ndakuuzani kuti mayi anga ali m'bokosi akundidikira. Mwandiyang'ana m'maso n'kunena kuti tinyamuka pompano. Lole ija inali isanapite patali, ndikanaithamangira. Mukanangondinong'oneza! Liwu limodzi lokha, mukanataya chiyani?"

Bamboyo anaweramitsa mutu, akusisita katoni yake ngati mwana.

"Mayi, akanandichotsa. Pamalo panga pano alipo ambiri akupafuna. Nanga ana anga adye chiyani?"

Anthu ena ndikawasimbira nkhaniyi amati ndimumvere chisoni, umphawi ndi umene unamukhazika pamenepo. Umphawi ndimaudziwa, ndinakulira momwemo. Koma umphawi sunamutume kuti andipepese, kuti anditchulire makolo ake omwalira, kuti andiuze kuti anthu a ku Dambe ndi aulemu. Akanangokhala chete ndi katoni yakeyo. Zimenezo anawonjezera yekha, ndipo sindinamukhululukire.

Ndinalumphira pansi n'kumupeza kondakitala. Ndinamuuza kuti andibwezere ndalama yanga. Anaseka, akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Asisi, ndalama ikalowa yalowa. Ino ndi demokalase, galimoto ndi ya mwini wake, inyamuka ikadzaza. Simukufuna, kwerani ina."

"Ina iti?"

Anatambasula manja kuloza siteji yonse. Maminibasi a ku Blantyre anali ndii, a ku Mwanza akuliza mahutala, a ku Balaka akulimbirana mayi wina wa nkhuku. Yopita kumapiri inali yomweyo basi, ndipo iye ankadziwa. Mphamvu zake zonse zinali pamenepo. Ndinayang'ana kanyumba kodikiriramo basi kaja, mbuzi zitagona pa mthunzi zikubzikula, ndipo ndinalakalaka bambo wa pa nsalu uja atabwera kuti ndimukhazike pa chitsulo chotenthacho tsiku lonse. Ndinathamangira pa msewu kuimika galimoto iliyonse yokhota ku Mwanza, koma onse ankapitirira pa tala mpaka ku malire. Ndinabwerera n'kukweranso pikiapu yomweyo, chifukwa kunalibe kwina kopita. Kunyozeka kumeneko ndimakumva mpaka lero.

Tinanyamuka dzuwa litadutsa pamutu. Bambo wa jekete anatsika womaliza, malo ake n'kukhalapo mphunzitsi wina wa sutukesi. Potsika sanandiyang'ane. Anapita kukakhala pa mthunzi wa golosale, katoni pambali, akudikira kuti amupatse zake.

Tsopano galimoto imene m'mawa inkasowa anthu awiri inanyamula anthu oti akanadzaza ziwiri. Ena anakhala pa denga, ena analendewera kumbuyo, mwana wodwala uja akulira mopanda mphamvu pakati pa miyendo ya anthu. Titasiya tala, fumbi linatikuta. Pa chitunda chilichonse chachikulu kondakitala ankalamula amuna kuti atsike akankhe, iye akuthamanga pambali ndi mwala woika kuseri kwa tayala. Pa mudzi uliwonse tinkaima, kutsitsa thumba, kukweza mbuzi, kukangana za mtengo. Pa Lisungwi, pamene anati lole ikagona, panalibe lole iliyonse, koma ife ndi amene tinaima kuthira madzi mu injini. Pa Neno dalaivala anazimitsa galimoto n'kulowa mu tiyirumu. Ndinamutsatira mpaka pa tebulo.

"Adalaivala, chonde, ndili ndi maliro."

"Mayi, maliro ali ponseponse masiku ano. Ndife ndi njala chifukwa cha maliro anu?"

Chikwama changa ndinachikumbatira njira yonse kuti fumbi lisalowe pa chitenje. Ndinkayang'ana mthunzi wa mitengo ukutalika n'kumadzinamiza kuti achimwene adikira, kuti kumapiri kumazizirirako, kuti mwina abusa achedwa.

Titatsala anthu ochepa, galimoto inaima pa mphambano ina kumunsi kwa Dambe. Kondakitala anamenya chitsulo n'kunena kuti tathera pano, anthu atatu sangawotchetse mafuta okwerera phiri. Iye amene m'mawa ankakuwa dzina la Dambe mpaka mitsempha kutuluka pakhosi. Ndinavula nsapato n'kuyamba kuthamanga.

Njira ya kwathu imadutsa pa chipatala. Pamenepo ndinaipeza lole ija itaima, yopanda kanthu, simenti atayala kale pa khonde, malata atawasanja pambali. Adalaivala a imvi aja anali akusamba m'manja pa mjigo. Atandiona anaimirira, madzi akudontha m'zala.

"Mayi! Mukufika pano? Ife tinafika kale, dzuwa lili pamutu. Nyimbo za maliro tazimva tikutsitsa simenti."

Sindinaime. Pokwera kachitunda komaliza ndinakumana ndi adzukulu akutsika, makasu pa mapewa, dothi lofiira likadali lonyowa pa makasuwo. Anapatuka m'njira n'kuvula zipewa. Pamenepo ndinakhala pansi m'njiramo, ndipo kulira kumene ndinakusunga kuyambira m'mawa kunatuluka konse.

Achimwene anandipeza panjira pomwepo n'kundidzutsa. Ndi munthu wosalankhula zambiri, koma tsiku limenelo analankhula ngati akudziteteza pa bwalo.

"Tinadikira, chemwali. Mulungu ndi mboni. Titamva kulira kwa lole kumunsiku tinati wafika. Abusa anaimitsa nyimbo, bokosi tinalisiya lotsegula, tinatuma anthu ku chipatala kuti akakulandire chikwama. Anabwerako okha, ati mwangobwera simenti. Tinadikirabe. Koma kutenthaku, mayi anayamba kusintha. Sitikanatha."

Sindinawakwiyire achimwene, ndipo sindidzawakwiyira. Azakhali anga, achemwali awo a bambo, anandigwira dzanja n'kunditengera ku manda. Mtumbira unali watsopano, maluwa a m'tchire atayamba kale kufota pamwamba. Ndinagwada, ndinatulutsa chitenje chija mu pulasitiki, chopanda ngakhale kafumbi, n'kuchiyala pa dothi. Maluwa achikasu aja anawala pa dothi lofiiralo monga mayi akanawakondera.

Azakhali anandisiya ndilire mpaka ndinatopa. Kenako anawerama n'kuyamba kuchipinda.

"Usachisiye pano, mwanawe, mbuzi zichitafuna. Ubwerere nacho."

Ndinawafunsa chimene anawafunditsa mayi. Anangopitiriza kusalaza chitenje changa pa bondo. Ndinafunsanso.

"Tinafuna nsalu yatsopano, yosavalidwapo. Tinasanthula nyumba yonse. Inalipo imodzi yokha, pansi pa sutukesi."

"Iti, azakhali?"

"Ija ya pa msonkhano. Ya nkhope ija."